Wachisamba wa Agogo

Amayi anga ali ndi maso a mphaka. Mawuwa si anga, ndinawamva kwa mtsikana wina ku madrasa ndili wamng'ono, ndipo ndinamukanda kumaso mpaka mwalimu anachita kutilekanitsa ndi kamtengo. Nditafika kunyumba ndinakhala pansi n'kumawayang'anitsitsa amayi akupeta mpunga. Mtsikana uja sananame. Maso awo ndi otuwa, khungu lawo ndi loyererapo kuposa la munthu aliyense pamtundu pathu, ndipo tsitsi lawo, masiku ochepa amene ndinaliona lili pamtunda, limagona lokha popanda kuliwotcha. Mpango amamanga mothina kuyambira m'mawa mpaka pogona, ndipo anthu amawatama kuti ndi mayi wopembedza. Kupembedza amapembedzadi, koma ine mwana wawo ndikudziwa kuti mpangowo umagwira ntchito ziwiri.

Nkhani yake aliyense wachikulire ku Nkhotakota ankaidziwa, koma inali nkhani yosatchula. Kale, dziko lino litangoyamba kudzilamulira, pa chigayo china cha mpunga ku Boma panali mzungu wokonza makina. Sanali Mngelezi. Ankati anathawa kwawo ku Chekosilovakiya, dziko limene lero mbali yake ina amangoti Cheki. Agogo anga aakazi, ali namwali, ankachapa zovala kunyumba kwa mzunguyo. Tsiku lina mzungu anamanga katundu n'kupita osatsanzika, namwali uja n'kutsala ndi pakati.

Mnyamata wina wa ku Chia amene ankasenza matumba pachigayopo anapita kwa makolo a namwaliyo n'kunena kuti akumufuna momwemo. Shehe wa nthawi imeneyo anamanga ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, osawerenga miyezi. Anangoti mwana wobadwira m'nyumba ya munthu ndi wa mwini nyumbayo, pokhapokha mwini wakeyo atamukana ndi pakamwa pake. Mnyamatayo sanamukane. Khanda litabadwa loyera ngati chinangwa chosenda, azamba anayang'anana, koma iye analinyamula, analiitanira adhana, mawu aja oitanira anthu ku mapemphero, m'khutu, n'kulipatsa dzina la mayi ake omubereka. Khandalo ndi amayi anga, mnyamatayo ndi agogo anga aamuna. Ana ena amene anabwera pambuyo onse anapita ali makanda, ndiye agogo anatsala ndi mmodzi yemweyo.

Agogo aakazi atamwalira, agogo aamuna anakana kusamukira ku Boma. Anatsala ku Chia, maso atachita ng'ala, akusokabe maukonde a anthu ndi zala zokha. Lachisanu lililonse swala ikatha, amayi ankakwera minibasi ndi kambale ka mpunga ndi nsomba. Akafika ankagwada pafupi ndi mphasa n'kunena kuti, "Ababa, ndabwera." Agogo ankatambasula dzanja, n'kuliika pamutu pa amayi, pamwamba pa mpango, n'kuti, "Wafika wachisamba wanga." Zinali choncho sabata iliyonse, mayi wa zidzukulu akugwada ngati kamtsikana. Ine agogo ankanditcha mkazi wawo wamng'ono, n'kumandinena kuti ndinawathawa kukakwatiwa ndi mnyamata wopanda ngakhale bwato.

Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga wondiponda pamutu. Ine ndimagulitsa mpunga pamsika. Iye atasowa chochita anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kuno, kudzera njira za kutchire, wopanda pepala lililonse. Anakhalako zaka, akutumiza kangachepe ndi zithunzi atatchena. Kenako anangoti zii. Anadzatulukira pa basi ya anthu obwezedwa, atavala malaya a munthu wina, akuyenda mopendekeka. Anthu a kumeneko anamupeza mu shopu imene ankagonamo n'kumumenya, ndipo apolisi atafika anatenga iyeyo chifukwa ndi amene analibe mapepala. Kuyambira pamwamba pa khutu mpaka kunkhongo ali ndi chipsera chimene tsitsi silimerapo.

Anakhala pakhomo miyezi, osatuluka, nkhope ili pa foni. Tsiku lina tikudya masana anangoyamba osakhosomola n'komwe.

"Amayi, dziko la Cheki limapereka unzika kwa ana ndi zidzukulu za anthu awo amene anathawa kale. Pasipoti yawo munthu umayenda nayo Ulaya yense, wapolisi osakufunsa kawiri. Ife ndife zidzukulu."

Ababa, amene ndi telala wa pakhonde komanso munthu wosaphonya swala, anasamba m'manja chakudya chisanathe. Amayi sanadzutse mutu.

"Zidzukulu za yani?" anafunsa.

"Amayi, mukudziwa."

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense pamsika angakuuzeni. Ndinamulalatira kuti wapenga, kuti akufuna kuvula amake pakati pa msika, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anandisiya ndithe, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Achemwali, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu simunathamangitsidwepo ngati galu wachiwewe. Ine ndikangotseka maso ndimamva chitsulo chija."

Akanakhala munthu wapadera ndikanamutulutsa ndi tsache, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Analembera ku ofesi ya dzikolo, imene ili kunja kwa Malawi. Anamuyankha kuti atumize mapepala osonyeza kuti amayi anabadwa kwa munthu wawo. Mapepala oterowo tikanawatenga kuti? Amayi anabadwira pamphasa, m'manja mwa azamba. Munthu wina wodziwako za malamulo anamuuza kuti ayese lumbiro: mboni yamoyo ikanene pamaso pa boma kuti bambo wobereka mayiwa ndi wakutiwakuti. Mboni yamoyo inali imodzi, ndipo dzina la mzungu uja ankalidziwa ndi yemweyo.

Apa ndi pamene tonse tinaganiza ngati anthu a kuno. Kwathu nkhalamba ikalankhula itagwira Kurani, nkhani yatha, palibe wobwerezanso. Tinkaona ngati ku Ulaya nakonso adzaimirira mwaulemu akamva kuti nkhalamba ya ku Chia yalumbira. Komanso nkhope ya amayi, munthu wa maso ake angaikane bwanji? Ngakhale ine wokana uja, mumtima ndinkakhulupirira kuti zikachitika zitheka.

Amayi anakhala masabata osanenapo kanthu. Chimene chinawathyola ndi tsiku limene anamva mlongo wanga akufunsa mnzake pa foni za malole opita kumalire. Anabwera pa benchi langa pamsika, anakhala pa thumba la mpunga, n'kuti, "Ndikamukaniza abwerera, akamupha. Mwana ndi bambo, usankhe mmodzi. Iwe ukanatani?" Ndinangopitiriza kuyeza mpunga wa munthu amene anali atachoka kale.

Tinapita ku Chia tonse atatu Lachisanu. Amayi anagwada, agogo anaika dzanja, ananena mawu awo aja. Ine ndinayang'ana kumbali chifukwa ndinkadziwa chimene tanyamula. Mlongo wanga anayamba kuzungulira, za Joni, za mapepala, za Ulaya, mpaka agogo anamudula.

"Mnzanga, bwato ukulizunguliranji? Kwera. Ukufuna dzina la mzungu wa pachigayo."

Amayi anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamva munthu ameneyo akutchulidwa ndi ababa awo.

"Sendera kuno," agogo anamuuza mlongo wanga. Anamugwira mutu. Zala zija zinayenda pa chipsera kuyambira pakhutu mpaka kunkhongo, n'kubwereranso, monga zimachitira pofufuza pamene ukonde wang'ambika.

"Anakumenya ndi chiyani?"

"Chitsulo, agogo."

"Pepala limeneli ukalipeza, sadzakumenyanso?"

"Sadzandimenyanso."

Agogo anatchula dzinalo. Anali mayina awiri olemera pakamwa, koma anawatchula osadodoma ngakhale pang'ono. Ndinawafunsa kuti analisunga bwanji zaka zonsezi. Anati, "Ndinkaopa kuti adzabwera kudzamutenga. Galimoto ikaima kumsewu ndinkabisa mwana m'chinangwa. Munthu amene ukumuopa suiwala dzina lake."

"Agogo, mukudziwa chimene akakufunseni ku Boma?"

"Ndikudziwa, mkazi wanga. Zaka zonsezi sindinanamepo, chifukwa palibe anandifunsa. Akandifunsa nditagwira Buku, ndikanena zoona."

Tsiku la lumbiro anavala mkanjo wawo woyera ndi kofiya. Kuchokera pa depoti tinawakweza kabaza, ine ndikuyenda pambali nditawagwira msana. Ofesi yake inali ndi zenera lotsegula, ndipo pakhonde pake panali mabenchi odzaza ndi anthu odikira nkhani zawo za mbuzi ndi malire a minda. Bwana wolumbiritsayo anali munthu waulemu, sindingamunamizire. Koma poona ukalamba wa agogo ankakweza mawu kuti amve, ndiye khonde lonse linkamva nawo.

Anawapatsa Kurani, agogo anaigwira ndi manja awiri.

"Agogo, mayi awa ndi mwana wanu wobereka?"

"Ndinamulera ndine."

"Ndamva, agogo. Koma funso likuti, ndi mwana wanu wobereka?"

Panja phokoso linatha. Amayi anali atayang'ana simenti, manja ali pamiyendo.

"Ayi," agogo anatero. "Si mwana wanga."

Anatchulanso dzina la mzungu, bwana uja anawadinditsa chala, tinatuluka pakati pa mabenchi aja anthu akutipatsa njira yaikulu kuposa imene tinkafuna. M'minibasi agogo ankangopukuta chala cha inki pa mkanjo, mpaka nsalu yoyera ija inada pantchafu. Tsiku lomwelo mlongo wanga anapita ndi amayi kwa wojambula, n'kuwapempha kuti avule mpango kuti azunguwo akaone tsitsi. Anavula. Wojambulayo anali mwana wa msinkhu wa mlongo wanga, ndipo manyazi anamugwira iyeyo kuposa ife.

Kutacha msika wonse unali utamva. Azimayi amene sanagulepo kwa ine ankabwera kudzagula kambale kamodzi kuti andione bwino. Wina anati, "Ndiye inu ndi azungu eti? Mukapita musatiiwale." Ndinamuuza kuti iyeyo akanafufuza bambo ake akanapeza mudzi wonse, ndipo anzanga anachita kundigwira. Zinthu zimene anthu anazidziwa moyo wawo wonse anayamba kuzitafuna ngati zachitika dzulo, chifukwa tsopano mwini wake anali atatsegula yekha chitseko.

Amayi anasiya kupita ku Chia. Kuphika ankaphikabe Lachisanu, koma kambale ndinkapereka ndine. Ankati alibe nkhope yokaonekera nayo, ngati kuti agogo akanaiona. Agogo ankalandira mbale n'kufunsa kuti, "Amako ali bwanji?" Za mkazi wamng'ono ndi mnyamata wopanda bwato zinatha.

Yankho linabwera patapita miyezi yambiri. Linali laulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo unandinyansa. Anati lumbiro la munthu wina silipangitsa nzika yawo kukhala bambo wa mwana. Pankafunika ukwati wolembedwa, kapena kuti mwini wakeyo akhale atavomera mwanayo pamaso pa boma ali moyo. Anatinso ali achisoni. Za chithunzi cha amayi sananenepo kanthu.

Mlongo wanga anawerenga, anaseka kuseka kwina kosamveka bwino, n'kulowa m'chipinda. Sipanapite nthawi, anakwera lole ya kumalire. Ku Chia sanapite kukatsanzika. Ndinamukwiyira, ndipo mpaka pano ndikamukumbukira mkwiyo umabwera poyamba, chisoni pambuyo. Koma ndikudziwa chimene chinamulepheretsa: analonjeza nkhalamba itamugwira mutu kuti sadzamenyedwanso.

Ine ndinkaona ngati zathera pomwepo, tatayika basi, tizingozolowera. Ndinaiwala ababa. Makina awo osokera anayamba kukhala chete masana onse, iwo atangogwira nsalu. Anaonda. Chimene chinkawadya ndi ichi: m'chipembedzo chathu mkwatibwi amaperekedwa ndi bambo ake, kapena wachibale wa kuchimuna kwa bambowo. Amene anapereka amayi kwa ababa anali agogo. Ndipo agogowo anali atagwira Kurani n'kunena kuti si mwana wawo. Ababa ankadzifunsa ngati zaka zonsezi akhala m'nyumba ndi mkazi wawo kapena ayi.

Ndinawapsera mtima. "Ababa, zaka zonsezi maso a amayi simunkawaona?"

"Kuona ndinkaona, mwana wanga. Tonse tinkaona. Koma mwini wake anali asanakane."

Anapita okha kwa shehe, palibe anawaitana. Shehe wathu ndi wachinyamata koma si wouma mtima. Anawauza kuti zimene munthu wachita mosadziwa Mulungu samuwerengera, ana ndi awo, asadzizunze. Ababa sanakhazikike. Pamapeto pake shehe anati ngati mtima ukukanabe, ndowa imangidwenso, ndipo popeza mkazi alibe bambo womupereka, amupereka ndi iyeyo. Amayi atauzidwa anangoti, "Chabwino." Madzi akatayika saoleka, koma ife tinali tikuolabe ndi manja.

Amayi ankakonda kundisimbira za ndowa yawo yoyamba. Agogo anapha mbuzi, anabwera ndi mabwato awiri odzaza anthu a ku Chia, ndipo pogwira dzanja la ababa ananena kuti "Ndikukupatsa mwana wanga" mokweza kwambiri mpaka anthu mu mzikiti anaseka. Ankafuna kuti Boma lonse limve mawu akuti mwana wanga.

Yachiwiriyi inachitikira m'nyumba mwathu, pakati pa sabata, swala ya madzulo itangotha. Kunalibe nthungululu, kunalibe mbuzi. Kunali shehe, mboni ziwiri, ababa, amayi kuseri kwa katani, ndi ine wophika tiyi. Agogo sitinawauze, tinkati tiwapepuze. Koma nkhani siidikira minibasi. Shehe asanayambe ndinamva belu la njinga, n'kuona wakabaza akuwatsitsa pakhomo. Anali atachoka okha ku Chia, akufunsa njira kwa anthu, atavala mkanjo womwe uja. Banga la inki linali litasuluka ndi kuchapa koma linkaonekabe.

Ndinawapempha kuti alowe. Anakana. "Ndilowe ngati yani?" anatero. Anakhala pakhonde, pa mpando wa makina a ababa, pansi pa zenera. Ine ndinaima pambali pawo ndi thireyi ya makapu, osadziwa kopita nayo.

Tinamva zonse. Shehe anawerenga pemphero la duwa, kenako anati akupereka mayi awa, amene alibe wowapereka, kwa ababa. Ababa anavomera. Sizinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira. Agogo anali atagwira gudumu la makina, akulizungulitsa pang'onopang'ono uku ndi uku.

Alendo atatuluka anawapatsa moni agogo mofulumira n'kupita. Kenako anatuluka amayi. Anali asanaonane kuyambira tsiku la ku Boma. Anaima pakhomo kanthawi, anakonza mpango, n'kugwada pa simenti pafupi ndi mapazi awo.

"Ababa, ndabwera."

Dzanja la agogo linanyamuka lokha mwachizolowezi. Linafika pafupi ndi mpango n'kuima m'malere. Amayi analigwira ndi manja awiri, analiika pamutu pawo n'kulipanikiza. Tonse tinadikira, ngakhale ababa amene anali ataima kuseri kwa chitseko. Milomo ya agogo inagwedezeka kangapo.

"Ndinagwira Buku, mama," anatero. "Ndinagwira Buku."

Ndinalira ngati mwana, thireyi ili m'manja. Ndinafuna kuwagwedeza, kuwauza kuti Mulungu amene anawaona akubisa khanda m'chinangwa sangawatsutse chifukwa cha liwu limodzi. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse osaphwanya lumbiro sungamuphunzitse kuyamba ali pafupi ndi manda.

Mlongo wanga ali ku Joni, wopanda pepala ngati kale. Amaimba mwa apo ndi apo pa foni yobwereka, ndipo za agogo safunsa. Amayi anayambiranso kupita ku Chia kuyambira sabata yomweyo, ine ndikuwaperekeza, mpaka agogo anamwalira chaka chotsatira mvula isanagwe. Lachisanu lililonse ankagwada, ankanena kuti abwera, ankatenga okha dzanja lija n'kuliika pamutu. Kenako ankatchera khutu kudikira liwu lija, asanavundukule mbale.